Galimoto Yathu Itagwada kwa Apongozi

Sukulu ndinalekezera panjira, koma kuwerenga sikunandileke. Ndili ndi kashopu ka mbewu ndi mankhwala a m'dimba pa boma pa Dowa, ndipo miyezi imene alimi alibe chogula ndimakhala kuseri kwa kauntala ndi chilichonse cholembedwa chimene chagwera m'manja mwanga. Ndinawerengapo buku lonse la kawetedwe ka njuchi, ine amene ndimathawa ndi mavu omwe. Ndinawerengapo za kayendetsedwe ka sitima zapamadzi, chonsecho kusambira sinditha. Akazi anga, omwe ndi aphunzitsi a ku pulaimale, amati m'mutu mwanga muli ngati pa kaunjika: nsapato zilimo zambiri, koma yopeza inzake mulibe.

Magazini a galimoto ndinawagula ku Lilongwe kwa bambo wina woyala mabuku akale pakhonde la sitolo. Anali akalekale, masamba ena omatana. M'zithunzi zake galimoto zinkakhota m'mapiri a maiko akutali, pa misewu yosalala ngati mbale, yopanda mbuzi, yopanda njinga ya makala. Zinali zotsika, mimba pafupi ndi phula, ndipo olembawo ankati galimoto yotere sipendekeka pokhota, imangotsata msewu monga madzi amatsatira ngalande. Ndinkawerenga pang'onopang'ono, buku lomasulira mawu lili pambali. Kunja nkhungu ikutsika m'phiri n'kumeza denga la chipatala, mitengo ya bulugamu, kenako msika wonse, ine ndili kutali, ndikukhota. Wogula ankachita kugogoda pa kauntala kawiri kuti ndibwerere ku Dowa.

N'kuti ndili nayo galimoto yanga, yoyamba ndipo mwina yomaliza, yaing'ono, yotuwa, yochokera ku Japan, yoti inali itatopa kale m'manja mwa anthu ena kuno. Sindinaigulire kunyamula katundu wa pashopu ayi. Ndinkangofuna kukhala pambali pa akazi anga tikamayenda. Zaka zonse za ukwati wathu tinkakwera minibasi, ndipo mu minibasi mwamuna ndi mkazi wake sakhala pamodzi. Kondakitala amakuika pamene paoneka mpata, ine kumbuyo pa thumba la soya, iwo kutsogolo atafungata mwana wa eni ake. Ulendo wonse ndinkangoona duku lawo.

Tsono galimotoyo inali ndi nthenda yake. Mashoko, zitsulo zija zimagwira galimoto kuti isamanjanjenjanje, anali atatha kalekale. Pamsewu wowongoka inkayenda bwinobwino, koma ikafika pokhota inkaweramira mbali imodzi ngati woledzera wofuna kupereka moni, n'kudzuka, n'kuweramiranso mbali inayo. Ulendo wathu woyamba unali wa ku ukwati, kutsika msewu wokhotakhota wa ku Chezi. Ine ndinali kumwamba ndi chimwemwe, ndikulongosola dzina la phiri lililonse. Nditacheuka ndinaona akazi anga atatseka maso, thukuta lili pamphumi.

"Imani, bambo."

Ndinaima. Anatsika nalowa m'tchire, ndipo kadzutsa yense anatsala pamenepo. Ku ukwatiko sanavine, sanadye. Tinayesanso masiku ena, atanyamula ndimu lonunkhiza, mawindo onse ali otsegula, koma zinali zomwezo. Madzulo ena akusita mayunifomu a ana, anandiuza mosakweza mawu.

"Galimoto yanuyi ndi yabwino. Muziyenda nayo nokha."

"Kodi minibasi sikhota, mayi?"

"Imakhota. Koma mmene amatipanikizira muja, munthu ungagwedezeke bwanji? Uku chigongono, uku thumba. Koma m'galimoto yanumu ndimangopita uku ndi uku ngati nyemba imodzi mumphika."

Kuyambira pamenepo ankati akafuna kupita kutali, ine ndinkangowaperekeza pa siteji, n'kubwerera ndekha. Pa mpando umene ndinagulira galimoto yonse pankakhala magazini.

Kuseri kwa msika kuli amakaniko ena, bambo a msinkhu wanga, anzanga a m'kwaya ya abambo ku tchalitchi. Iwo amaimba besi, ine ndimaimba chimene chatuluka. Ndinawatengera magazini imodzi ndikuyembekezera kuti andiseka. Anapukuta manja pa ovolosi, naigwira m'mbali ngati chithunzi cha malemu, nayang'ana nthawi yaitali.

"Akulu, iyi ndiye ntchito," anatero mwakachetechete. "Moyo wanga wonse ndangokhalira kumanga maekizosi ndi waya."

Apo mpamene zinavutira, chifukwa olota tinakhala awiri, wotidzutsa panalibe.

Zitsulo tinakazisaka ku Lilongwe, m'magalaja ophwasula galimoto zangozi. Tinapeza masipuling'i aafupi ndi olimba, mashoko atsopano, marabala atsopano, ndi chitsulo chopingasa chokhuthala, chija chimalumikiza tayala la kumanzere ndi la kumanja kuti galimoto isapendekeke. Amakaniko anagwira ntchitoyo pansi pa mtengo wa mkesha, galimoto ili pa njerwa, akuimba chamumtima. Ine ndinakhala pa chitini ndikuwawerengera m'magazini, kumasulira mmene ndikanathera, ndipo pamene Chingerezi chandilaka ndinkangoikapo maganizo anga. Atachotsa njerwa ndi jeki, galimoto inatsika pafupifupi chikhatho chathunthu. Inaoneka ngati mphaka wobisalira mbewa. Tinaizungulira, manja kumbuyo.

"Yasanduka ina," anatero amakaniko.

"Yasanduka ina," ndinavomera.

Chinatsala ndi alaimenti, kuwongola matayala kuti onse aziloza kumodzi. Amakaniko anati ntchito yotere siyofunika chingwe ndi diso ngati mmene amachitira masiku onse, ndipite nayo ku makina. Ku Lilongweko anaikweza pa zitsulo, namangirira tizipangizo towala pa tayala lililonse. Anandiuza kuti nditsike, ndichotsemo zonse, ndi chigubu cha madzi chomwe. Ndinaima patali ndikuyang'ana pa kompyuta manambala ofiira akusanduka obiriwira limodzilimodzi, ndipo mtima wanga unabiriwira nawo. Anaiyeza bwino kwambiri ili yopanda kanthu. Sizinandibwerere n'komwe kudzifunsa kuti ndi liti galimoto ya munthu wa kuno inayendapo yopanda kanthu.

Ulendo wobwerera tsiku limenelo ndimaukumbuka ngati nyimbo. Dzuwa linali litapendeka, udzu wa m'mapiri utafiirira, utsi wa m'midzi utagona m'zigwa. Sindinaime pa boma. Ndinapitirira mpaka kumakona a ku Chezi kuja. Ndinkangoganiza zokhota, galimoto n'kukhota. Siinawerame, siinadzuke. Phiri linkabwera kudzanja lamanja, n'kuzungulira mwaulemu, n'kupita kumbuyo, lina n'kutulukira. Zigafa za fodya zopanda kanthu zinkadutsa ngati zikuyandama. Pena ndinkaona chigwa chonse chotsikira kunyanja chili buluu, chopanda malire, pena n'kubisika. Ndinatsika, ndinakwera, ndinatsikanso. Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, atandiona kachitatu, anasiya kundiitanira malonda, anangoyamba kundiyang'ana mwachisoni.

Kunyumba ndinalalikira sabata yathunthu. Ndinajambula ndi chala patebulo mmene kulemera kwa galimoto kumasunthira pokhota. Ndinagwiritsa ntchito kapu ya tiyi, tiyi n'kutayika. Akazi anga ankamvetsera ngati mmene amamvetserera mwana wofotokoza chifukwa chimene wachedwera ku sukulu.

Mwayi unabwera anthu atatha kukolola. Apongozi anga aakazi, amene amakhala m'mapiri kupitirira pa boma la Ntchisi, anatumiza uthenga woti tikawaone.

"Ulendo umodzi wokha," anatero akazi anga. "Ndikangotsika m'galimotomo tisanafike kumene tikupita, basi, musadzanditchulirenso."

Tinanyamuka m'mawa, kuzungulira ku Mponela kuti titsate phula. Kunkazizira. Nkhungu inali itadzaza m'madambo, nsonga za mapiri zokha zikuoneka pamwamba pake ngati zilumba, ndipo anthu opita kumsika ankatuluka m'menemo pang'onopang'ono, mutu poyamba, kenako dengu la m'manja, kenako miyendo. Akazi anga anakhala tsonga, ndimu lili m'dzanja. Pokhota poyamba ndinawaba ndi diso. Pachiwiri chimodzimodzi. Titadutsa Mponela n'kuyamba kukwera cha ku Ntchisi, ndinaona kuti ndimu lija aliika pamiyendo. M'mimba mwanga munali kwaya yonse.

Phula limathera pa boma la Ntchisi. Kuchoka apo msewu ndi wa dothi, ndipo dzinja limausiya ndi mikwasa iwiri yakuya ya malole ndi ngolo, pakati pake patatukuka msana wautali womera udzu. Galimoto ili momwe inabadwira inkadutsa pamenepo mosadandaula. Tsopano tinangoyenda pang'ono, pansi panamveka khwaaa! Ndinamva ngati akundipala m'mimba ndi khasu. Masipuling'i olimba aja nawonso sankabisa kanthu. Mwala uliwonse, muzu uliwonse, ankautifikitsira mokhulupirika mpaka m'mutu.

"Mseru ulipo, mayi?" ndinafunsa, mawu akunjenjemera ndi msewu.

"Mseru palibe. Koma mano angawa mudzandibwezera."

Sanatsike. Tinafika.

Ine ndi apongozi anga timalemekezana mwakale. Ndife anthu a tchalitchi, ndipo ndikudziwa kuti achinyamata a masiku ano amaseka ndi apongozi awo mpaka kuombana m'manja, koma ife sitinakulire zimenezo. Iwo amakhala pamphasa atatembenukira kumbali, ine pampando chapatali ndikuyang'ana mtengo wa mango, ndipo mawu athu amadzera mwa akazi anga. Nkhope yawo ndimaidziwa cham'mbali basi. Timakondana kwambiri, koma sitinauzanepo chilichonse maso ndi maso.

Tinacheza, tinadya, tinapemphera. Dzuwa litapendeka ndinanong'oneza kuti tiziona msewu. Apongozi anakodola alamu anga awiri, ndipo iwo analowera kunkhokwe.

Kwathu kuno mlendo sabwerera chimanjamanja, ndipo mkamwini sakana cha apongozi. Zaka zonse tinkapatsidwa zokwana kunyamula pa minibasi, kadengu ka mtedza, dzungu limodzi. Koma chaka chimenecho mbiri inali itafika kale yoti akamwini agula galimoto, ndipo mayiwo anali atakonzeka kubweza zonse zimene minibasi inawaletsa kupereka. Linabwera thumba la chimanga. Linabwera lina. Mtedza wosasenda, nyemba, mbatatesi, maungu akuluakulu ngati mitu ya ng'ombe. Buti itadzaza, alamu anatsegula zitseko zakumbuyo. Mkoko wa nthochi unakhala pampando ngati munthu. Mtolo wa nzimbe unalowera pawindo ili n'kutulukira linalo. Thumba lililonse likamatera, galimoto inkatsika pang'ono, mwakachetechete, osadandaula.

Ndinasendera kwa akazi anga.

"Mayi, auzeni kuti zakwana. Galimotoyi siingathe."

Apongozi anaona kuti ndalankhula. Ali chiyang'anire kumbali anafunsa, "Akuti bwanji akamwini?"

Akazi anga anandiyang'ana, nkhope ili phee ngati ya pa mgonero.

"Akuti zikomo kwambiri. Akuti malo akadalipo."

"Eya, ndimadziwa ine. Tengani ndi thumba la mphale lija."

Ndikanatani? Kuti ndikonze mawuwo ndinayenera kulankhula nawo ndekha, ndipo chimenecho sindinachitepo chikwatirireni. Ndinaomba m'manja mwaulemu, ndikuyang'ana mtengo wa mango.

Thumba la mphale litalowa, matayala akumbuyo anabisala m'thupi la galimoto, natagadira kunja ngati miyendo ya matewe. Manambala obiriwira aja ndinawaona m'maganizo akufiira onse pamodzi. Apongozi anadzuka pamphasa, naizungulira galimotoyo patalipatali, nauza mwana wawo mokhutira:

"Ndi yaulemu galimoto ya akamwiniyi. Taona, yachita kugwada potsanzika."

Alamu anga anathawira kuseri kwa khola kukaseka. Chomalizira chinali beseni la mazira a nkhanga, oikidwa m'gaga kuti asasweke, limene akazi anga analifungata pamiyendo.

Tinatuluka m'mudzi ngati kamba, anthu akutibayibitsa nthawi yaitali kuposa mmene ankafunira, poti sitinkachoka m'maso mwawo. Titangokhota kuseri kwa chulu, pamene msewu umatsikira kukamtsinje, mimba ya galimoto inakhala pa msana uja. Injini inalira, tayala limodzi linazungulira m'malere, fumbi kobo. Tinaima.

"Munawauziranji choncho?" ndinafunsa.

"Mumafuna ndiwauze mayi anga kuti zimene alima chaka chonse zalemera?"

Iwo anatsegula chitseko, natsika, nasenza beseni la mazira pamutu. Mawu awo aja, oti akangotsika basi, ndinkawakumbuka bwino, ndipo apa anali atatsika tisanafike.

Galimoto itapepuka pang'ono, ndinaibweza m'mbuyo, inachoka pa msanapo. Akazi anga anaima kutsogolo, nandilozera ndi dzanja kuti tayala limodzi ndilikweze pamsana pomwepo, linalo liyende m'mphepete mwa udzu. Kenaka anatembenuka nayamba kuyenda, ine pambuyo pawo.

Sindidziwa kuti tinayenda choncho nthawi yaitali bwanji. Dzuwa linali kutsogolo kwathu, lofiira, ndipo fumbi limene mapazi awo ankadzutsa linkawala ngati ufa wa golide. Phiri la Ntchisi linali kumbuyo, nkhalango yake yakuda itavala kamtambo pamutu. M'minda yokololedwa mapesi ankalira ndi mphepo, ng'ombe zikubwerera zokha, kwinakwake mayi akusinja, mtondo ukumveka gu, gu, ngati mtima wa chigwa chonse. Akazi anga ankayenda mowongoka, beseni lili bata pamutu, osaligwira. Akaona mwala ankaukankha ndi phazi. Pofunika kupatuka ankangotambasula mkono osacheuka, ine n'kutsata. Ndinali ndisanawaonepo akuyenda m'njira za kwawo kwa nthawi yaitali chotero. Ankayenda ngati mtsikana amene ndinamuona koyamba akuchokera kuchitsime, ndipo ndinagwidwa ndi chisoni chokoma, choti mwina aka n'komaliza kuyenda nawo ulendo umodzi, iwo pansi, ine m'galimoto.

Tinakumana ndi amayi ena ochokera kuchigayo. Anaima, nayang'ana akazi anga, nayang'ana ine.

"Kodi mwayambana, asisi?"

"Ayi. Ndikuitsogolera. Njira ya kuno siidziwa."

"Nanga abambowo?"

"Iwonso ndi alendo. Amadziwa misewu ya m'mabuku."

Kuseka kwawo kunatiperekeza mpaka kutsidya.

Tinafika pa boma la Ntchisi dzuwa litakhala pamwamba pa mitengo. Pamene phula limayambira panali minibasi, injini ikulira, kondakitala akumenya chitseko. Ataona mayi wosenza beseni anathamanga.

"Mponela yonyamuka! Mayi, tiyeni, mpando wa kutsogolo ulipo!"

Ndinaimitsa galimoto pambali. Sindinatsike, sindinaitane. Ndinangogwira chiwongolero ndi manja awiri. Akazi anga anatula beseni, nalinyamula m'manja, naima pakati pa minibasi ndi ine. Mapazi awo anali mbuu. Anayang'ana minibasi, anayang'ana galimoto yathu ndi nzimbe zake zotulukira m'mawindo.

Kondakitala anaona kumene akuyang'ana.

"Aaa, mayi, musakwere chimenecho! Chagona kale icho. Madala, mwaba nkhokwe ya ndani?"

Anthu a m'minibasi anaseka. Akazi anga anamuyang'ana kondakitalayo ngati mmene amayang'anira ana a mpando wakumbuyo m'kalasi, mpaka anachotsa chipewa.

"Chogonacho ndi cha kwathu," anatero. "Pitani bwino."

Anatsegula chitseko ndi chigongono, nakhala, naika beseni pamiyendo. Ine ndinayamba mokayika.

"Paja munati mukangotsika..."

"Ndinatsikira katundu wa mayi anga, sindinatsikire mseru. Musandiphunzitse mawu anga." Anapuma pang'ono, akupukuta fumbi kumaso ndi nsonga ya chitenje. "Koma mukaikweze galimotoyi, bambo. Kulimbako musakuchotse konse, kwandithandiza. Ndipo uko mumakaiyezetsako, mukapite nayo matumba ali momwemo, akaione mmene imakhalira ikakhala pa ntchito. Tiyeni. Mazirawa akafike onse."

Zimenezo tinadzachitadi pambuyo pake. Amakaniko anachotsa masipuling'i aafupi aja ali ndwii ngati akugwetsa nyumba yomanga okha, naika ena aatali koma olimba, ndipo a ku makina aja anaseka mpaka kugwira m'mimba nditakana kutsitsa matumba awiri a chimanga. Koma zimenezo ndi za masiku ena.

Madzulo amenewo tinatsika mapiri a Ntchisi pang'onopang'ono, chifukwa cha mazira, chifukwa cha matayala okhula m'thupi la galimoto tikagunda kabampu. Pokhota paliponse ndinkalowa mofatsa ngati wolowa m'nyumba muli mwana wogona. Kumadzulo kunali kofiira, kenako kwa mtundu wa bowa, ndipo mapiri a Dowa anandanda kutali, lina kuseri kwa linzake, lililonse lotuwa kuposa la patsogolo pake, mpaka lomaliza silinkasiyana ndi thambo. M'galimoto munkanunkhira nthochi ndi fumbi la mtedza. Akazi anga anayamba kundiuza za mphunzitsi wina watsopano wa ku sukulu kwawo amene amaopa nkhuku, koma nkhaniyo inkafupika, mawu akutalikirana, mpaka inathera pakati.

Wa njinga yamoto wina anatipitirira, atanyamula anthu awiri ndi mbuzi, natembenuka kutiyang'ana modabwa. Sindinawonjezere moto. Msewu unakhotera kumanzere, kona yaitali yozungulira phiri, ndipo mutu wa akazi anga unatsetsereka pang'onopang'ono mpaka unatsamira paphewa langa. Anali m'tulo, manja ali chigwirire beseni. Phewa linayamba dzanzi tisanafike n'komwe ku Mponela, koma sindinalisunthe.